MSUZI WA SALADI WA KU GREECE: MAFUTA, MANDIMU NDI MCHERE

Alimi anzanga, nyengo ya madimba ikafika pachimake matimati amapsa onse nthawi imodzi. Msika umadzaza, mtengo umagwa, ndipo ena amangoolera m'dengu pakhonde. Pamenepo nkuti mandimu akugwa okha pansi pa mtengo, ana nkumaponyerana. Lero ndifuna kukuuzani mmene alimi a ku Greece amadyera zinthu zoterezi osaphika, makamaka msuzi umene amathirapo, pakuti msuziwo ndiwo umasandutsa matimati ndi anyezi kukhala chakudya chokoma.

Greece ndi dziko la mapiri ndi zilumba zambiri, kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya. Mzinda wake waukulu ndi Athens, umene ambiri a inu munaumva m'Buku la Machitidwe. Kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo nthawi yotentha kumauma gwa. Mtengo umene umapirira bwino nthaka ya miyala ndi dzuwa lotere ndi wa azitona. Umakhala zaka mazanamazana uli kubala. Zipatso zake amathyola makamaka kuyambira mu November mpaka January, nkuzifinya kuti atenge mafuta. Monga ife sitisowa nsinjiro m'nyumba, Mgiriki sasowa mafuta a azitona.

SALADI YA KUMUDZI

Saladi ndi ndiwo zamasamba zodya zosaphika. Imene anthu a maiko ena amaitcha saladi ya Chigiriki, eni ake amati horiatiki, ndiye kuti "ya kumudzi". Amaduladula matimati akupsa m'zidutswa zikuluzikulu, pamodzi ndi nkhaka, anyezi ndi tsabola wamkulu wobiriwira uja wosawawa. Amaponyamo zipatso za azitona, kawirikawiri zakuda za ku Kalamata, ndipo pamwamba amasanjika chibanthu cha tchizi choyera chamchere chotchedwa feta. Tchizi chimenechi amapanga ndi mkaka wa nkhosa, nthawi zina wosakaniza ndi wa mbuzi. Kuyambira 2002 lamulo la maiko a ku Ulaya limati dzina loti feta ndi la tchizi cha ku Greece chokha. Letesi salowamo m'saladi imeneyi iai.

Ku midzi ya kumeneko mai sachita kukonza msuzi padera. Amangowaza mchere, kuthira mafuta ambiri, mwina ndi viniga pang'ono, kenaka nkufikisira pamwamba masamba ouma onunkhira a oregano, amene iwo amati rigani. Mchere umakoka madzi a matimati, madziwo amasakanikirana ndi mafuta pansi pa mbale, ndipo pomaliza aliyense amasunsamo buledi. Koma alinso ndi misuzi iwiri yokonzeratu. Wa mafuta ndi mandimu amautcha ladolemono, wa mafuta ndi viniga amautcha ladoxido. Imeneyi ndiyo mungathe kupanga inu pakhomo panu.

MUYESO WAKE

Chinsinsi chonse chili pa muyeso. Ngati muli ndi viniga, thirani masupuni 3 a mafuta pa supuni 1 ya viniga. Ngati muli ndi mandimu, thirani masupuni 2 kapena 3 a mafuta pa supuni 1 ya madzi a mandimu. Zowawasa zikachuluka msuzi umayayamitsa mano. Mafuta akachuluka umakola pakhosi.

Banja la anthu 6 lichite motere. Tengani kabotolo koyera, kouma, kokhala ndi chitsekero. Finyiranimo masupuni akulu 2 a madzi a mandimu, mutachotsa njere. Thiranimo theka la supuni ya tiyi ya mchere ndi kambewu kamodzi ka adyo kosinja bwino, nkugwedeza kuti mchere usungunuke. Yambani ndi mchere chifukwa umasungunuka m'madzi a mandimu, koma m'mafuta susungunuka. Tsopano onjezani masupuni akulu 6 a mafuta ndi supuni ya tiyi 1 ya oregano wouma ngati muli naye. Tsekani botolo, likhutchumuleni mwamphamvu kufikira msuzi uchite mbuu. Lawani ndi kachidutswa ka tomato, osati ndi chala, pakuti kukoma kwake kumadziwika pa ndiwo.

Mukaika botolo pansi kanthawi mudzaona mafuta atayandama pamwamba. Musadandaule, msuzi sunaonongeke. Mafuta ndi madzi sizigwirizana. Kukhutchumula kumangophwanya mafuta m'timadontho ting'onoting'ono, ndipo pakapita nthawi timadonthoto timabwererana. Khutchumulaninso pamene mufuna kuthira.

Muyeso umenewu ukwanira matimati akulu 5, nkhaka imodzi, anyezi mmodzi ndi tsabola mmodzi. Thirani msuzi pamene anthu akhala kale pamphasa. Mukathira msanga, mchere udzafewetsa nkhaka ndipo ndiwo zidzasanduka madzi okhaokha.

Mafuta a azitona ndi odula m'masitolo, ndipo sindikuuzani kuti mugulitse nkhuku chifukwa cha iwo. Mafuta a mpendadzuwa kapena a mtedza agwira ntchito yomweyo pa muyeso womwewo. Kunena zoona, fungo lake silifanana ndi la azitona, koma msuzi umakomabe. Chofunika nchakuti mafutawo akhale atsopano. Amene mwakazingira kale nsomba kapena mandasi, kapena amene ayamba kununkha chifukwa chokhalitsa padzuwa, sayenera konse, pakuti msuziwu suphikidwa ndipo palibe chobisa fungo loipa.

NJIRA ZOSINTHIRA

Mukadziwa muyeso, mungathe kusintha monga mufuna. Mandimu akakhala owawasa kwambiri, onjezani theka la supuni ya tiyi ya uchi. Agiriki nawonso ndi alimi a njuchi, ndipo ana amaukonda msuzi wotere.

Mukafuna msuzi wosalekana msanga, thiranimo theka la supuni ya tiyi ya masitadi ya m'botolo, kapena njere za mpiru zosinja, chifukwa zimagwirizanitsa mafuta ndi madzi. Koma chenjerani: njerezo zikhale zokolola nokha. Mbewu ya m'mapaketi yogula kawirikawiri imakhala yopaka mankhwala, ndipo ndi yobzala basi, si yodya.

Mukafuna msuzi woyera wokhuthala, sakanizani masupuni 4 a yogati kapena chambiko cha mkaka wowiritsa ndi masupuni 2 a mafuta, adyo, mchere ndi mandimu pang'ono. Agiriki akaonjezamo nkhaka yopala, yofinya madzi, amatcha chakudyacho tzatziki, ndipo amadyera nyama yootcha.

Oregano akasowa, gwiritsani ntchito masamba a anyezi odula bwino, kapena khungu la ndimu lopala pang'ono, mbali yachikasu yokha, pakuti yoyera ya m'kati imawawa. Okonda tsabola wa kambuzi aikemo pang'ono. Mandimu akatha, madzi a bwemba wonyika ndi wosefa alowa m'malo mwake. Zimenezi si za Chigiriki, koma muyeso wa mafuta ndi zowawasa ndi womwewo.

Msuziwu suthera pa ndiwo zosaphika zokha. Agiriki amathyola masamba a m'tchire ndi a m'munda, amene onse amawatcha horta, nkuwawiritsa pang'ono, kuwatsanula, ndi kuthirapo mafuta ndi mandimu. Mwa masamba amenewa, amene amawakonda nthawi yotentha ndi vlita, ndipo vlita ndi mtundu wa bonongwe. Inde, bonongwe yemweyu amene amamera yekha pa khola lakale! Yesani tsiku lina: muwiritseni mphindi zochepa popanda soda, mutsanule, muthirepo ladolemono. Muyesenso pa nyemba zophika, pa mbatata ya kachewere, ndi pa chambo chootcha, monga Agiriki amathira pa nsomba zao.

PHINDU LAKE M'THUPI

Kodi nchifukwa ninji mlangizi wa zaulimi akulemba za msuzi? Nchifukwa chakuti zimene timalima ndi thukuta timazitaya mu mphika. Matimati, tsabola ndi mandimu zili ndi vitamini C, amene amathandiza zilonda kupola ndi nkhama kulimba, komanso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, amene amaonjezera magazi. Vitamini ameneyu amaonongeka ndi moto wautali, ndiponso ndi soda kapena chidulo. Masamba obiriwira ali ndi zimene thupi limapangira vitamini A woteteza maso, koma zimenezi zimalowa bwino m'thupi pokhapokha pali mafuta. Tsono taonani, msuzi umodzi ukuchita ntchito ziwiri.

Mu 1958 katswiri wa ku America, Ancel Keys, anayamba kufufuza kadyedwe ndi matenda a mtima m'maiko 7. Iye ndi anzake anapeza kuti amuna a m'midzi ya pa chilumba cha Crete ku Greece ankafa ndi matenda a mtima mochepa kwambiri. Anthuwo ankadya masamba ambiri, nyemba, buledi ndi mafuta a azitona, nyama pang'ono chabe, ndipo ankagwira ntchito yolimba kumunda. Sanali olemera iai. Anali alimi onga inu.

CHENJEZO

Chakudya chosaphika chimafuna ukhondo woposa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Moto umapha tizilombo, koma mandimu ndi viniga musazidalire pa ntchito imeneyi. Chifukwa chake sambani m'manja ndi sopo, tsukani matimati, nkhaka ndi tsabola ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, sendani nkhaka ndi anyezi, ndipo mpeni ndi mbale zikhale zoyera, zosakhudza nyama yaiwisi. Ngati munapopera mankhwala ku dimba, dikirani masiku olembedwa pa botolo musanathyole. Kolera ikabuka m'dera lanu, lekani zosaphika. Thirani msuziwu pa ndiwo zophika zikali zotentha.

Musapange msuzi wambiri wosunga. Adyo wamuwisi akakhalitsa m'mafuta pamalo otentha angathe kubala poizoni woopsa, amene saoneka ndi maso ndipo samveka fungo. Msuzi wa chambiko nawonso sugona. Pangani wokwanira tsiku limenelo, wotsala mutaye, botolo mulitsuke.

Ndidziwa kuti ena a inu, makamaka abambo, mudzati ndiwo zosapita pamoto ndi za akalulu. Sindikuti muleke kutendera kapena kukazinga. Ndikungopempha kuti sabata ino, matimati akachuluka, amai aike kambale kamodzi ka saladi pambali pa nsima ndi nyemba. Ndipo pokonza dimba la chaka chamawa, siyani bedi limodzi la nkhaka, adyo ndi tsabola wosawawa, ndi kudzala mtengo wa mandimu pafupi ndi nyumba ngati mulibe.