Waranti ya ku khoti la kumidzi ku Indiana: kuifufuza ndi kuichotsa

Wina akakuimbirani foni n'kudzitchula kuti ndi wa ku ofesi ya sherifu, n'kunena kuti muli ndi waranti ndipo apolisi ali m'njira pokhapokha mutathamangira ku sitolo kukagula makhadi a mphatso n'kumuwerengera manambala ake, dulani foniyo. Ameneyo ndi wakuba. Ku America kulibe khoti lolandira chindapusa pa makhadi otere, ndipo nambala ya ofesi ya sherifu yomwe yaoneka pa foni yanu akuba amatha kuionetsa mwachinyengo. Komabe anthu amalipira, ngakhale ophunzira bwino, ndipo ine sindiwayesa opusa. Amalipira chifukwa funso loti "kodi ndili ndi waranti?" ndi lovuta kulifunsa kwa eni ake, pomwe wakuba amayankha msanga.

Ndikamba za chigawo cha Indiana, poti ku South Bend ndi ku Indianapolis kuli Amalawi ndithu, ndipo msewu wa US 31 wolumikiza mizinda iwiriyi umadutsa m'minda ya chimanga ndi soya ya ma county a Marshall, Fulton ndi Miami. Indiana ili ndi ma county 92, pafupifupi iliyonse ndi makhoti ake, kalaliki wake, ndende yake ndi sherifu wake wochita kusankhidwa pa voti. Fulton, yomwe likulu lake ndi Rochester, ili ndi anthu pafupifupi 20,000 okha. Akakuimitsani kumeneko, mlandu wanu ndi wa kumeneko, ngakhale kuchokera kwanu pali ulendo wa ola lathunthu.

Waranti ndi lamulo la jaji loti munthu agwidwe n'kubweretsedwa pamaso pake. Zimenezo aliyense amazidziwa. Chomwe ambiri sadziwa ndi momwe munthu wosaba, wosamenya, amapezekera ali nayo. Tikiti yothamangitsa galimoto si mlandu wopita nawo kundende, ndipo pa nambala ya mlandu wotere pamakhala zilembo IF. Mukapanda kulipira, khoti limadziwitsa BMV, ofesi yoona za malaisensi, ndipo laisensi imaimitsidwa. Kalata yokudziwitsani imapita ku adiresi yakale, nyumba yomwe munasamukamo chaka chatha. Kugwidwa koyamba mukuyendetsa ndi laisensi yoimitsidwa ndi tikiti inanso. Kugwidwa kachiwiri zisanathe zaka 10 ndi mlandu weniweni, wa zilembo CM, womwe chilango chake chitha kufika chaka chimodzi kundende ndi $5,000. Kuyendetsa musanakhalepo ndi laisensi nawonso ndi CM, wa masiku ofika 60 ndi $500. Milandu ya CM imafuna kuti mukaonekere, ndipo mukajomba, kawirikawiri jaji amasaina waranti.

Pali mphekesera yoti ukangokhala chete miyezi isanu ndi umodzi waranti imafa yokha. Ili ndi kachoonadi kokwanira kuwononga munthu. Lamulo la Indiana limati waranti ya mlandu waung'ono imatha mphamvu pakadutsa masiku 180, koma woimira boma pa milandu atha kupempha ina. Ya mlandu waukulu siitha, ndipo yogwiranso munthu amene anamangidwapo kale n'kutulutsidwa, kenaka n'kujomba kukhoti, nayonso siitha.

Poyambira kufufuza ndi pa intaneti, pa mycase.in.gov, ndipo n'zaulere. Lembani dzina lanu m'njira zonse zomwe wapolisi wofulumira usiku akanalilembera: Phiri ndi Piri, Nkhoma ndi Nkoma, dzina la bambo patsogolo, dzina lapakati m'malo mwa loyamba. Mukaupeza mlandu, lembani nambala yake yonse papepala. Manambala awiri oyambirira ndi a county: 25 ndi Fulton, 50 ndi Marshall, 52 ndi Miami, 71 ndi St. Joseph komwe kuli South Bend. M'munsi muli mndandanda wa zonse zochitika pa mlanduwo, ndipo mufune mzere wonena kuti waranti inatulutsidwa, ngati inachotsedwa, ndi belo yomwe jaji anaika. Koma kusapeza kanthu si kuyera. Ma waranti ena amabisidwa mpaka munthu atagwidwa, ndipo milandu ya makhoti ena a m'matauni ang'onoang'ono itha kusaoneka pamenepo.

Apa ndi pomwe zinthu zimakakamira. Mukaimbira kalaliki wa khoti, adzakuwerengerani zomwe zili mu kompyuta, koma mukafunsa kuti "ndiye nditani?" yankho ndi loti saloledwa kupereka uphungu wa zamalamulo. Ndi zoona, saloledwa. Mukaimbira kwa sherifu, maofesi ambiri safuna kunena za waranti pafoni. Amati bwerani ndi chiphaso tidzaone. Amene mwabwera kudzamufunsayo ndi yemweyo amene lamulo likumuuza kuti akumangeni akapeza dzina lanu, ndipo ndende ili kuseri kwa chitseko. Mukati ndipeze loya wa boma, poti kuyambira pa mlandu wa Gideon v. Wainwright mu 1963 wosauka ali ndi ufulu wopatsidwa loya, mupeza kuti loyayo amam'pereka ndi jaji, mutaonekera pamaso pake n'kufotokoza za umphawi wanu. Kuti mupeze wokuthandizani kuchotsa waranti, muyambe mwalowa m'nyumba yomwe warantiyo ikukudikirani. Palibe wa m'maofesi atatuwa amene walakwa, koma munthu wofuna kukonza zinthu watha tsiku osapeza khomo, ndipo ambiri amalekera pomwepa.

Khomo lilipo, kungoti salilemba pakhoma. Jaji amene anasaina waranti ndi amene angaichotse, ndipo amapemphedwa ndi kalata yotchedwa motion to recall warrant. Kalatayo imatchula nambala ya mlandu, chifukwa chomwe munajombera, adiresi yanu yatsopano, n'kupempha tsiku lina. Ngati munagonekedwa m'chipatala kapena munapita ku maliro ku Malawi, phatikizanipo pepala la kuchipatala kapena tikiti ya ndege. Ngati munali kale ndi loya wa boma pa mlanduwo, yambani mwaimbira iyeyo. Ngati mulemba loya wolipira, funani wa m'county momwemo kapena woyandikana namo. M'khoti la jaji mmodzi kapena awiri, loya wakomweko amadziwa kuti uyu amachotsa waranti pongowerenga pepala, uyo sachotsa osaona nkhope. Mutha kulemba nokha n'kukapereka kwa kalaliki, koma dziwani kuti waranti ikadali yamoyo mpaka jaji atasaina, ndipo jaji atha kukana.

Akakana, kapena akati bwerani nokha, sankhani tsiku mwanzeru. Kudzipereka Lachisanu madzulo ndi kugona m'chitokosi mpaka Lolemba, ndipo Lolembalo likakhala la tchuthi, mpaka Lachiwiri. Funsani kalaliki kuti jaji amamva milandu ya anthu ongogwidwa kumene masiku ati ndi nthawi yanji, mukafike m'mawa wa tsiku lotero. Pitani ndi m'bale kapena mnzanu wonyamula ndalama ya belo, ndipo ayendetse ndi iyeyo. Kumidzi kumeneku basi ndi yosowa, ndiye munthu wolandidwa laisensi amakakamizika kuyendetsa popita kukayankha mlandu woyendetsa wopanda laisensi, musachite zimenezo. Makhoti ambiri salola foni kulowa, choncho nambala ya mlandu ndi manambala a achibale akhale papepala m'thumba. Yang'ananinso wotchi. County za LaPorte ndi Starke zili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Marshall ndi Fulton, ndipo wochokera ku Michigan City (LaPorte) kupita ku khoti la ku Plymouth (Marshall) akadalira nthawi yakwawo adzapeza dzina lake litaitanidwa kale.

Belo nayo ili ndi mitengo yobisika. Mukadzera kwa anthu a bizinesi yoikira ena belo, mumawapatsa 10 pa 100 iliyonse, ndipo imeneyo sibwerera ngakhale mlandu utathetsedwa mawa. Pa belo ya $5,000 ndiye kuti $500 yapita. Mukapereka ndalama kwa kalaliki wa khoti, imabwerera mlandu ukatha, koma khoti litha kudulapo chindapusa ndi ndalama zoyendetsera mlandu, ndiye wobwereka kwa anzake a kutchalitchi aziwauziratu kuti sibwera yonse. Galimoto ikakokedwa pamene munagwidwa, ndalama yokokera ndi ya tsiku lililonse lomwe yagona kumeneko ndi yanu. Masiku ojomba kuntchito sawerengedwa n'komwe. Ichi n'chifukwa chake kugwidwa pamsewu n'kodula kuposa kudzipereka: wogwidwa ku South Bend pa waranti ya county ina atha kukhala masiku m'ndende ya kumeneko kudikira kuti eni waranti atumize galimoto.

Ngati vuto ndi chindapusa chomwe mwalephera kulipira, nenani poyera pamaso pa jaji, mutanyamula mapepala a malipiro anu. Khoti lalikulu la America linagamula pa mlandu wa Bearden v. Georgia mu 1983 kuti munthu asatsekeredwe chifukwa cha umphawi wokha, jaji asanafufuze ngati analidi wotha kulipira. Koma wosabwera sangafunsidwe. N'chimodzimodzi ndi ngongole. Kulephera kubweza ngongole ya kuchipatala kapena ya lendi si mlandu womangitsa, koma wokongoza akakusumirani n'kupambana, khoti limakuitanani kudzafotokoza za chuma chanu, ndipo mukajomba jaji atha kutulutsa chikalata chotchedwa body attachment. Dzina ndi lina, unyolo ndi womwewo.

Kwa amene si nzika ya America pali china cholemera kuposa zonsezi. Mukalowetsedwa m'ndende amakudindani zala, ndipo zidindozo zimapita ku FBI n'kufikanso kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Ngati mapepala anu ali ndi vuto lililonse, lankhulani ndi loya wa za mapepala musanapite kukadzipereka. Musavomere mlandu pongofuna kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kuvomera komwe kukuoneka kopepuka lero kudzafunsidwa pokonzanso green card kapena popempha unzika, ndipo kuyambira pa mlandu wa Padilla v. Kentucky mu 2010 loya wanu ali ndi udindo wokuuzani ngati kuvomerako kungakupitikitseni m'dziko. Mufunseni mwachindunji. Mulinso ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington idziwitsidwe, komanso wopempha womasulira ngati Chingerezi cha kukhoti chikukupitirirani. Pemphani womasulirayo tsiku lisanafike, poti wa Chichewa sapezeka pa ola limodzi.

Jaji akasaina kuti waranti yachotsedwa, musathamangire kugalimoto. Pitani pa windo la kalaliki mutenge kope la chigamulocho, lodindidwa, ngakhale akulipiritseni. Lamulo la jaji limayenera kufika kwa sherifu, ndipo wina kumeneko ayenera kufufuta dzina lanu m'makompyuta a apolisi, a IDACS a Indiana ndi a NCIC a dziko lonse. Wapolisi wokuimitsani usiku womwewo amakhulupirira kompyuta yake. Pepalalo likhale m'galimoto kwa milungu ingapo, ndipo muonenso pa mycase ngati mzere wochotsa waranti walembedwa. Laisensi ndi nkhani ina: khoti kukumasulani sikutanthauza kuti BMV yakubwezerani, ndiye funsani kumeneko musanagwire chiwongolero. Pomaliza lembetsani adiresi yanu yatsopano kawiri, ku khoti ndi ku BMV, chifukwa kuuza ofesi imodzi sikusintha zolembedwa za inzake.