Kalendala ziwiri za Sitandade 2

Mu ofesi ya ahedi muli kalendala ya unduna wa zamaphunziro, ya materemu atatu, yoonetsa tsiku lotsegulira ndi lotsekera. Timaitsata, chifukwa a PEA, alangizi oyendera sukulu, akabwera amafuna aone ngati sikimu ikuyenda nayo limodzi. Koma m'kalasi mwanga, pa sukulu ya kumudzi kuno kuchigawo chakummwera, muli kalendala ina yosalembedwa paliponse. Iyo imayendera mvula, munda ndi m'mimba, ndipo ndi imene imagamula kuti lero ndiphunzitsa ana angati.

Ntchito imayamba belu lisanalire. Belulo ndi rimu ya galimoto yakale yomwe tinaipachika mumtengo wa mango. Ana amafika ndi matsache, makope ali mu jumbo, kapu ya pulasitiki ili kumanja. Akasesa bwalo, fumbi lili koboo, timafola pa asembule kukaimba nyimbo ya fuko ndi kumva ahedi akudzudzula ochedwa. Madesiki ochepa omwe tili nawo ndi a makalasi akuluakulu. Anga amakhala pansi, miyendo atatambasula, kope pantchafu.

Masamu timaphunzira ndi zitsekerero za mabotolo ndi timitengo tomanga khumikhumi. Muuzeni mwana kuti achotse 7 pa 23 pabolodi, angokuyang'anani. Mpatseni mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Ayesa kuchotsa 7 pa titatu tija, alephera, akanda m'mutu, kenaka amasula yekha mtolo umodzi. Kubwereka kuja wakugwira ndi manja ake, ndipo sadzakuiwalanso. Chichewa timayambira ku maliwu ndi maphatikizo, monga National Reading Programme yakhala ikutiuzira kuyambira 2016. Chovuta ndi kuchonga. Ndili ndi ana oposa 100, ndipo aliyense amafuna cholembera changa chofiira chigwe m'kope mwake. "Madamu, ine simunandichongere!" Unyinjiwu unayamba mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulaimale: ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda ndi aphunzitsi mpaka lero zikuthamangirabe m'mbuyo.

Teremu yoyamba, cha mu Seputembala, ndi ya chikhamu. Aliyense alipo, ndi mng'ono wake yemwe. Okutobala akafika malata amatentha moti pofika 10 koloko mitu yayamba kugwa ndi tulo, ndiye timatuluka kukamalizira pamthunzi. Kenaka mango. Makope amadzadza madontho achikasu, ntchentche zimalowa m'kalasi mosalembetsa, ndipo pansi pa mtengo wa belu pamagwa miyala yambiri kuposa zipatso. Mvula yoyamba ikangogwa mokwanira, mawa lake theka la kalasi lili kumunda kukabzala, ndipo obwerawo m'matumba muli ngumbi zokazinga. Sindikalipa. Nanenso m'mawa umenewo ndimakhala nditayamba ndaponya mbewu m'kamunda ka kuseri kwa nyumba.

Teremu yachiwiri ndiye pali nkhani. Mvula ya Januwale ikamamenya malata opanda siling'i, ngakhale mutakuwa bwanji mwana wa pamzere wachitatu sakumvani. Ndimangolemba pabolodi, kapena timaimba mpaka ikate. Makalasi ophunzirira pansi pa mtengo amathawira kwa ife, ndiye phunziro lathera pompo. Ana a kutsidya kwa mtsinje amatha sabata osaoneka, ndipo kholo lomwe laletsa mwana wa zaka 7 kuwoloka madzi ofika m'chiuno lachita bwino. Malungo nawo ndi nyengo yake. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola midzi, sukulu zambiri kuno kummwera zinatsekedwa n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Koma ngakhale chaka chopanda namondwe, Febuluwale amabwera ndithu. Nkhokwe zapita, chimanga cha kumunda chikadali ngaiyaye, makolo ali pa ganyu yopalira ndi kubandira m'minda ya ena, ndipo mtsikana wa Sitandade 2 ndiye mlezi wa khanda kunyumba.

Chomwe chimatisungira kalasi miyezi imeneyi ndi phala. Ndi Likuni Phala, wa ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, yemwe timalandira kuchokera ku Mary's Meals, bungwe lomwe linayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002 ndipo pano limafikira ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno. Ophika ndi amayi a m'midzi yozungulira, mosinthana, osalipidwa, ndipo amasonkha moto kukadali mdima. Mu Novembala ana amamwa phalalo akucheza, ena mpaka kutsanulira anzawo. Mu Febuluwale pamzere pamakhala zii. Kapu imanyambitidwa ndi chala mpaka kuwala. Ndinaonapo kamnyamata kena katamwa theka, n'kuvindikira kapu ndi kope lake la Masamu, n'kuikhazika pakati pa miyendo mpaka nthawi yowerukira. Nditakafunsa kanati, "N'la mwana wa kwathu, Madamu." Kope linanyowa ndi nthunzi, masamu onse n'kufufutika. Ndinachonga momwemo.

Chondidandaulitsa n'chakuti sikimu sidziwa zonsezi. Imayenda sabata ndi sabata mofanana, ndipo mitu yomwe mwana akaiphonya zam'tsogolo zonse zimamusokonekera imagwera pakati penipeni pa mvula ndi njala. Ine ndinasankha kuiphunzitsa kawiri, mu Febuluwale kwa amene alipo, ndi pambuyo pa Pasaka kwa amene abwerera. Pepala limaoneka lotsalira, koma ana amawerenga.

Teremu yachitatu imabwera ndi zokolola. Chimanga chootcha, nzimbe, mtedza, mbatata, zonse zimalowa m'kalasi mobisa, ndipo makoko ake timawapeza posesa. Masaya abwerera, phokoso labwerera, pa buleki atsikana ali pa fulaye ndi phada, anyamata akuthamangitsa mpira wa majumbo. Juni ndi Julayi ndi chiperoni: nkhungu, kamvula kowaza, simenti yozizira, tizala touma tolephera kugwira pensulo. Phunziro loyamba timachitira panja, misana tapatsa dzuwa, ngati latuluka. A Sitandade 8 akamalemba mayeso a MANEB, ife aang'ono timauzidwa kuti tiyende chonyang'ama.

Tsiku lotsekera makolo amadzadza pabwalo. Mphunzitsi aliyense amaitana mayina a okhoza kuyambira nambala wani, nthungululu zili pakamwa, agogo akuvina kukafupa mdzukulu ndi ka K200 komwe anamanga pansonga ya chitenje. Mayina akatha pamatsala kagulu kongoyang'ana pansi, obwereza kalasi. Ndikatsegula rejisitala, ambiri mwa iwo si mbuli ayi: ndi aja mizere yawo ya Januwale ndi Febuluwale ili mbee. Mayina awo ndimawalemba papepala lapadera n'kupereka kwa amayi a Mother Group, gulu lothandiza kuti ana asamajombe kusukulu, tsiku lomwelo, kuti mvula ikubwerayi akayambire kugogoda makomo amenewo.