Chilangizo Chimayambira Pakhomo

Amishoni a Dutch Reformed Church atakhazikika ku Mvera mu 1889, kenaka ku Nkhoma mu 1896, anapeza Achewa ali kale ndi njira yawo yolerera ana. Mtsikana akatha msinkhu ankavinidwa, anamkungwi n'kumuuza za thupi lake, za ulemu ndi za banja. Mnyamata ankalowa kudambwe. Mpingo unaletsa akhristu ake zonsezi, koma mwana wa mkhristu anayamba kusekedwa kuti ndi wosavinidwa, wosadziwa mwambo, ndipo makolo ena ankatumiza ana awo kuchinamwali mobisa.

Apa ndi pamene panachokera chilangizo. M'malo mwa anamkungwi, mpingo unasankha alangizi, amayi okhwima m'chikhulupiriro, oti azikumana ndi mtsikana akatha msinkhu, akamalowa m'banja, ndiponso akaima koyamba. Anyamata nawo anapatsidwa alangizi aamuna. Isabel Apawo Phiri anafotokoza bwino za kusinthaku m'buku lake la 1997 lonena za amayi achichewa mu Sinodi ya Nkhoma.

Chilangizo ndi chinthu chabwino, ndipo alangizi ambiri amagwira ntchitoyi modzipereka, osalandira kanthu. Vuto lili kwa ife makolo. Tinazolowera kuganiza kuti mwana adzamva zonse tsiku limene adzakhale pamphasa pamaso pa alangizi. Komatu pofika tsikulo mwana amakhala ali ndi zaka 12 kapena 13. Anzake kusukulu anamulangiza kale, foni ya mkulu wake inamulangiza kale. Alangizi amakhala naye maola ochepa, pomwe inu mwakhala naye kuyambira ali kumsana. Ndipo tsiku la ubatizo wake, amene anaima kutsogolo kwa mpingo n'kulonjeza kumulera m'mawu a Mulungu sanali alangizi kapena mphunzitsi wa Sande Sukulu. Munali inuyo.

Chimatimanga kwambiri ndi manyazi. Mwambo wathu umati kholo silikamba za thupi ndi mwana wobereka lokha. Zimenezo n'za agogo kapena azakhali. Zili ndi nzeru yake, sindikutsutsa. Koma manyaziwa anakula mpaka kufika pa pemphero. Alipo abambo amene amalalikira kutchalitchi anthu n'kugwedeza mitu, koma ana awo sanawamvepo akupemphera m'nyumba. Kwa ife a chikamwini palinso china: bambo amadziona ngati mlendo pamudzi, n'kumati mwini ana ndi malume. Nanga malumewo akakhala ku Johannesburg, mwana aziyang'ana ndani?

Baibulo silimusiya kholo kumbali chotero. Deuteronomo 6 imaika ntchito yophunzitsa ana m'manja mwa makolo, pakhomo ndi panjira, usiku ndi m'mawa. Timoteo, amene bambo ake anali Mhelene, chikhulupiriro anachiona mwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike. Agogo amene mukulera adzukulu amasiye, nkhani ya Loisi ndi yanu.

Zochita zake si zapatali. Mukatha kudya nsima madzulo, mwana wodziwa kuwerenga atsegule Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, awerenge ndime zochepa. Wamng'ono apemphere m'mawu ake, ngakhale apempherere nkhuku yodwala, musamuseke. Lamulungu mukaweruka, mufunseni zimene waphunzira, ndipo akafunsa funso lovuta, monga chifukwa chake Mulungu analola mng'ono wake kumwalira, musamukalipire kuti akhale chete. Mwana amaonanso zimene simunena. Amaona sikelo imene mumagulitsira chimanga, amamva mmene mumayankhulira za oyandikana nawo mukangovula yunifolomu ya Chigwirizano cha amayi, amadziwa ngati munapepesapo mutamumenya wosalakwa.

Bambo, mayi, musadikire kuti mwana akule kaye. Muyambe naye madzulo ano, kuti alangizi akadzamuitana adzangowonjezera pa zimene anamva kwa inu.