Ndalama za Boma Zothandiza Ana a Sukulu

Lero tikambirane za ndalama za sukulu.

Mu Januwale 2022 Boma la Zambia linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira Giredi 12. Komabe mwana wogonera pa sukulu afunika ndalama za cakudya ndi malo ogona. Caka comweco Nyumba ya Malamulo itabvomereza, thumba la citukuko la CDF linakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lina la ndalamazi lilipirira ana amasiye ndi osauka m'sukulu zogonera, ndiponso acinyamata ophunzira nchito za manja.

Koma ndalamazi sizimtsata mwana kudambo kumene aweta ng'ombe. Kholo liyenera kupita ku komiti ya citukuko ya wadi yao ndi kulemba fomu nthawi isanathe.

Makolo, musazengereze. Mukumbukenso wamasiye wa pamudzi panu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsalani bwino.