Kodi Zida Zokoka Msana Zimachiritsa?

Taganizirani mayi wa ku Kuku, mu mzinda wa Lusaka, amene amasenza chigubu cha malita 20 kuchokera kumpope, kenaka n'kuwerama nthawi yaitali pochapa. Madziwo amalemera makilogalamu 20. Pofika usiku m'chiuno mumamuwawa. Wamalonda akamuonetsa chida chokoka msana, kodi apereke ndalama za ufa?

Nzeru imeneyi ndi yakale. Hippocrates, sing'anga wa ku Greece, ankamangirira odwala pathabwa ndi kuwakoka. Ganizo lake ndi lakuti mafupa a msana akatalikirana pang'ono, mtsempha wopanikizika umapumula. Komatu munthu akaimirira, kulemera kwa thupi kumawapanikizanso, ndipo mpumulowo sukhalitsa.

Mu 2023 bungwe la World Health Organization, litasanthula kafukufuku, linalangiza kuti kukoka msana ndiponso malamba a m'chiuno zisagwiritsidwe ntchito pochiza ululu wokhalitsa. Chida chozondotsa munthu mutu pansi ndi choopsa kwa amene magazi awo amathamanga kwambiri.

Chothandiza sichilira ndalama. Musagone pamphasa masiku ambiri. Yendani tsiku ndi tsiku. Ponyamula katundu pindani mawondo, ndipo madzi agaweni m'zigubu zazing'ono. Kawirikawiri ululu umachepa pakapita milungu yowerengeka.

Koma miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo ukakanika, kapena mukamawonda ndi kutentha thupi, thamangirani kuchipatala cha Chawama, pakuti chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana.