Matenda a Shuga Pakati pa Odwala Chifuwa Chachikulu

Matenda a shuga amayamba thupi likamalephera kupanga kapena kugwiritsa ntchito bwino insulini, timadzi tomwe timathandiza shuga kuchoka m'magazi kupita m'minofu, ndipo shugayo akachuluka m'magazi kwa nthawi yaitali amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Mu 2008, ofufuza Jeon ndi Murray ataunika zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 13, anapeza kuti mwa odwala shuga chiopsezo chodwala chifuwa chachikulu cha TB n'chowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi anthu ena.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya The Lancet Global Health anasonyeza kuti padziko lonse anthu 15 mwa 100 alionse odwala TB alinso ndi shuga, ngakhale kuti chiwerengerochi chimasiyana kwambiri malinga ndi dera, popeza mu Africa ndi pafupifupi 8, pomwe ku Kerala m'dziko la India kafukufuku wa mu 2012 anapeza 44. Kuchepa kwa chiwerengero cha mu Africa sikuyenera kutonthoza aliyense, chifukwa oposa theka la odwala shuga m'chigawochi sadziwa kuti ali nawo, ndipo munthu amene wapezeka kale ndi TB akamaonda komanso kutopa, achibale ngakhalenso achipatala amangoti n'chifuwacho, osafunsa za ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi.

Kuwerengaku kulinso ndi vuto lake, pakuti TB payokha imatha kukweza shuga m'magazi kwa kanthawi, monga anaonera ofufuza a ku Dar es Salaam mu 2016, kotero kuti wopezeka ndi shuga wokwera poyamba mankhwala a TB ayenera kuyezedwanso pakapita miyezi ingapo asanauzidwe kuti ali ndi nthenda ya moyo wake wonse.

Wodwala matenda onse awiri amachedwa kuchira, chifuwacho chimatha kuyambiranso, ndipo chiopsezo cha imfa chimakula. Komanso rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa msanga m'thupi mapiritsi ena a shuga monga glibenclamide, mwakuti mlingo umene unkagwira ntchito kale umaperewera. N'chifukwa chake mu 2011 bungwe la WHO pamodzi ndi bungwe lolimbana ndi TB la The Union analangiza kuti odwala TB aziyezedwa shuga, nawonso odwala shuga azifunsidwa za chifuwa chosatha, malangizo amene ayenera kutsatidwa mwakhama ngati mmene zipatala za m'Malawi ndi Zambia zimayezera HIV aliyense wopezeka ndi TB.