Mwala Umene Moto Suudya

Munthu wochokera ku Masambanjati kulowera ku Makwasa, akapenya misitu ya bulugamu imene yaima m'mphepete mwa minda ya tiyi, kawirikawiri saganiza kuti mitengoyo inabzalidwira moto, ndi kuti tsamba lothyoledwa m'mawa, likafota n'kuphwanyidwa n'kufiira, silingalowe m'thumba lisanapyole mumpweya wotentha koposa madigiri 100, umene uliumitsa kufikira madzi atatsala pafupifupi magawo 3 pa 100. Chiyambire kubzalidwa tiyi m'Thyolo mu 1908, amisiri a m'mafakitale akhala akulimbana ndi funso limodzi, lakuti moto ausunge m'chiyani kuti usadye nyumba yake yomwe.

Chodabwitsa n'chakuti funso lomweli lasanduka sewero la pakompyuta. Mu 2006 abale awiri a ku America, Tarn ndi Zach Adams, anatulutsa masewera otchedwa Dwarf Fortress, mmene wosewera atsogolera tianthu tatifupi, tonga Akafula a m'nthano za makolo, pomanga linga m'mimba mwa phiri. Ndipo akakumba mozama apeza chiphalaphala cha miyala yosungunuka, chimene angachikokere kumalo osulira zitsulo kuti asawononge nkhuni ndi makala. Abalewo anapatsa mwala uliwonse ndi chitsulo chilichonse muyeso wake wa kutentha, chiphalaphalacho nachiika pa madigiri oposa pang'ono 1,100, kotero kuti chinthu chosafika pamenepo chisungunuka, ngakhale chikhale cha mtengo wapatali motani. Golide, amene asungunuka pa 1,064, agonja. Mkuwa, pa 1,085, ulephera pang'onong'ono. Chitsulo wamba, chimene chipirira kufikira 1,538, ndicho chiima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma phunziro limene osewera alilandira ndi misozi ndi ili: chitseko chotsekera chiphalaphala chingasemedwe pamwala wolimba ndithu, komabe kachipangizo kotsegulira kakapangidwa ndi mwala wosapirira, kadzasungunuka chitsekocho chili chotsegula, moto nulowa m'linga ndi kupsereza onse okhalamo. Pazaka zoyamba za masewerawa mwala umene osewera anaufunafuna pa ntchito imeneyi unali bauxite, ndipo ena ankakana kumanga linga padziko lopanda mwalawo. Ife a kuno tingamwetulire, pakuti bauxite yemweyo wagona pamwamba pa phiri la Mulanje, kudera la Lichenya, kumene anapezeka mu 1924, ndipo kufikira lero palibe mgodi wake. Iye ndiye mayi wa aluminiyamu wa mapoto athu, mwana wofooka amene asungunuka pa 660, pamene mayiyo, akawotchedwa n'kuumbidwa njerwa, aikidwa m'ng'anjo zosungunulira zitsulo.

Wowotcha njerwa m'mudzi sasowa kompyuta kuti amve zimenezi. Adziwa kuti njerwa zoyandikira pakamwa pa uvuni zimada n'kupindika, za kunja zituluka zosapsa, ndi kuti dothi la padambo lina lisweka pamene la pachulu lipirira. Njerwa zake zimanga nyumba yabwino, koma sizingayalidwe m'kati mwa ng'anjo ya fakitale, mmene moto uyaka usana ndi usiku nyengo yonse ya mvula, tiyi akachuluka. M'menemo muikidwa njerwa za dongo lapadera lokhala ndi alumina wambiri. Ndipo monga m'sewero muja, ngozi ili polumikiza: simenti wamba imalimba chifukwa cha madzi amene yagwira m'kati mwake, moto ukawatulutsa imafumbutuka, njerwa zabwino n'kugwa chifukwa cha matope oipa. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amamanga ndi dothi losapsa la mtundu wa njerwazo, mizere yake yopyapyala, nasiya mipata yoti khoma lifutukukiremo likatentha. Ndipo ng'anjo yatsopano aiyamba ndi kamoto kakang'ono, nawonjezera nkhuni pang'onopang'ono, kuti chinyezi chituluke chisanasanduke nthunzi yong'amba khoma.